Si wonga umene umadya mpope wa mfuti zakale

Ku America, mfuti ya Mosin-Nagant, imene asilikali a ku Russia anayamba kuigwiritsa ntchito mu 1891, inkagulidwa pa mtengo wosafika madola 100 m'zaka za m'ma 2000, koma lero yakwera mtengo kwambiri, ndipo eni ake ambiri amakhulupirirabe kuti wonga wa m'zipolopolo zakale ndiwo umawononga mpope. Izi si zoona. Vuto lili m'kachitsulo ka kumbuyo kwa chipolopolo kamene kamayatsa wonga, chifukwa mankhwala a m'menemo otchedwa potassium chlorate akapsa amasiya mchere wokoka chinyezi, dzimbiri n'kuyamba. Mafuta sasungunula mcherewo, amangouphimba. Madzi otentha ndiwo amautsuka, kenako mpope uumitsidwe ndi kupakidwa mafuta tsiku lomwelo.