Manda a Pheasant Wood: mmene anyamata a ku Australia anabwezeredwera maina awo

Kumpoto kwa France, m'mudzi wa Fromelles, kuli manda a asilikali amene anatsegulidwa mu 2010, chonsecho ogona m'menemo anafa mu 1916. Madzulo a pa 19 July chaka chimenecho, nkhondo yoyamba ya padziko lonse ili mkati, gulu la asilikali a ku Australia lotchedwa 5th Division linaukira ngalande za Ajeremani. Pomwe kumacha, anthu 5,533 anali atafa, atavulala kapena atagwidwa. Ambiri anali anyamata osakwatira, ena ananama zaka kuti alembedwe usilikali.

Ajeremani anatola mitembo imene inagwera kumbali yawo n'kuikwirira m'maenje m'mphepete mwa nkhalango ya Pheasant Wood. Asanaikwirire anaivula tizitsulo ta maina ta m'khosi, ndipo mainawo anakafika ku bungwe la Red Cross. Mabanja anamva za imfa, koma mitembo inatsala yopanda chizindikiro. Nkhondo itatha, ofunafuna manda sanawaone maenjewo, udzu n'kumera.

Amene anaiutsa nkhaniyi ndi mphunzitsi wa ku Melbourne, Lambis Englezos. Anaona kuti chiwerengero cha osowa sichikugwirizana ndi cha oikidwa m'manda odziwika, ndipo zithunzi zojambulidwa pandege mu 1916 zinkaonetsa maenje asanu ndi atatu. Akuluakulu anazengereza zaka zingapo. Mu 2008 akatswiri a ku yunivesite ya Glasgow anakumba pang'ono n'kutsimikiza kuti mafupa alimodi.

Kufukula kwenikweni kunachitika kuyambira May mpaka September 2009, ndipo anagwira ntchitoyo ndi a Oxford Archaeology. Dothi la kumeneko ndi la makande, losunga madzi, moti nsapato ndi zikopa zinapezeka zisanaole. Ofukula ankavala zodzitetezera thupi lonse kuti DNA yawo (chizindikiro cha m'thupi chimene munthu amatengera kwa makolo) isasakanikirane ndi ya malemu. Anatulutsa anthu 250, aliyense payekha ndi zimene anali nazo. Mabatani ndi baji ya dzuwa lotuluka zinkasonyeza kuti uyu ndi wa ku Australia. Mafupa ankaonetsa msinkhu, zaka, ndi pamene munthu anathyokapo kale. DNA ankaitenga m'dzino kapena m'fupa.

Povuta panali pa abale. Mnyamata wofa asanabereke alibe zidzukulu zoti n'kuyeza, choncho pamafunika mzere wosaduka. Mtundu umodzi wa DNA umayenda mwa amuna okhaokha, kuchoka kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna, ndiye amafunafuna zidzukulu zazimuna za mchimwene wake. Wina umayenda kuchikazi, ndiye amatsata ana a mlongo wake, kudzera mwa akazi mpaka lero. Mbumba ikatha, kapena pakapezeka mwana wongoleredwa, kapena bambo wolembedwa akakhala kuti si amene anabereka, mzere waduka. Amene analembetsa ndi dzina labodza amasokoneza kwambiri, chifukwa ofufuza amalondola banja lolakwika. Komanso DNA yakuchikazi imafanana mwa anthu ambiri osadziwana, n'chifukwa chake komiti yoona za maina siidalira yokha: imafuna kuti zaka, msinkhu ndi zolemba za usilikali zivomerezane. Kukhwimitsa kotereku n'koyenera, poti dzina lolakwika pamwala limalanda manda banja lina.

Bungwe la Commonwealth War Graves Commission linamanga manda atsopano pafupi ndi nkhalangoyo. Maliro anayamba pa 30 January 2010, msilikali womaliza anaikidwa pa 19 July 2010. Oposa 160 adziwika maina. Otsalawo miyala yawo ilibe maina, imanena kuti amawadziwa ndi Mulungu, koma dzina likapezeka amazula mwalawo n'kudzala wina. Asilikali a ku Australia akulandirabe mabanja amene akuganiza kuti m'bale wawo ali m'gululi. Chofunika ndi mndandanda wa makolo wolembedwa bwino, ndi kathonje kopukutira m'kati mwa tsaya.