Si filimu iliyonse ya ku Asia yomwe ndi "ya Chitchaina"

Kwa zaka zambiri takhala tikumva zomwezi: filimu ikangokhala ya anthu a kum'mawa kwa Asia, basi ndi "ya Chitchaina." Si zoona ayi.

Gwero lake ndi lomveka. Mafilimu ambiri a kung fu omwe ankadzaza nyumba zoonetsera mavidiyo anali a ku Hong Kong, komwe amalankhula Chitchaina, makamaka a m'ma 1970 ndi 1980. Kuwamasulira m'Chichewa nakonso kumaphimba chilankhulo chenicheni. Koma masewero ambiri achikondi omwe atchuka lero ndi a ku South Korea, pomwe makatuni otchedwa anime ndi a ku Japan.

Mutha kudzitsimikizira nokha. Imitsani filimuyo pamene pakuoneka chikwangwani kapena mayina a kumapeto. Chikoreya chili ndi zilembo 24 zoikidwa m'timagulu, ndipo mudzaona timizere toongoka ndi tozungulira ngati ㅇ. Chitchaina chili ndi zilembo zothithikana, zopanda tozungulira totere. Chijapani ndicho chimasokoneza ambiri, chifukwa chimabwereka zilembo za Chitchaina n'kusakaniza ndi zina zopepuka, zokhotakhota ngati の. Choncho musaweruze ndi chilembo chimodzi, yang'anani mzere wonse.

Musanauze mnzanu kapena kulemba pa intaneti kuti filimu ndi ya dziko lakuti, fufuzani kaye. Samalaninso ndi masewero a ku Korea a nthawi ya mafumu: zikwangwani zake zimakhala m'zilembo za Chitchaina, poti zilembo za Chikoreya zinapangidwa mu 1443 ndipo akuluakulu a boma anapitiriza kulemba ndi zakalezo kwa zaka mazana angapo.