Gudumu lalikulu lija silinali lodzionetsera

Anthu akaona chithunzi cha njinga yakale ya penny-farthing, ya gudumu lalikulu kutsogolo ndi kagudumu kumbuyo, amati azungu ankangofuna kuonekera patali. Ayi ndithu. Nkhani inali liwiro.

Njinga za m'ma 1870 zimenezi zinalibe tcheni. Mapedulo ankamangidwa pakati penipeni pa gudumu la kutsogolo, choncho ukapalasa kamodzi gudumu linkazunguliranso kamodzi basi. Wofuna kuthamanga ankayenera kukulitsa gudumu, mpaka pomwe miyendo yake inkafikira. La mainchesi 52 linkayenda mamita 4 ndi pang'ono pa kupalasa kumodzi. Choipa chake, munthu ankakhala pamwamba pa gudumulo, ndiye likagunda mwala ankauluka n'kugwa chamutu.

Mu 1885 John Kemp Starley wa ku Coventry, ku England, anatulutsa Rover, njinga ya tcheni, ndipo ntchito ya gudumu lalikulu inapita ku mano a magiya.

Werengani mano pa njinga yakuda yonyamulira nthochi ku Thyolo kuno. Ngati kutsogolo alipo 44, kumbuyo 18, gudumu la mainchesi 28 limazungulira pafupifupi kawiri ndi theka ukapalasa kamodzi, mamita oposa 5. Yaiposa kale penny-farthing! Koma pa zitunda zathuzi giya imeneyo ndi yolemera, n'chifukwa chake ambiri amatsika n'kumakankha. Ikani ya mano 22 kumbuyo: liwiro lichepa koma mwendo upepukidwa. Tcheni chingafunike kuchitalikitsa pang'ono, apo ayi chikhala chokungika kwambiri n'kumadya mano msanga.