Pampu yokana kuzima: kusamutsa laibulale kuchoka pa Uno kupita pa ESP32

Mnyamata wina wa ku Ulongwe anandibweretsera kabokosi koyatsa ndi kuzimitsa pampu yothirira mbatatesi m'dimba la bambo ake. Chilimwe chonse kanagwira bwino ntchito ndi bolodi ya Arduino Uno, kakompyuta kakang'ono kolamulira zipangizo. Kenako anafuna kuti aziona pa foni ngati dothi lauma, ndiye anagula bolodi ina, ESP32, imene ili ndi Wi-Fi, n'kuikamo pulogalamu yomwe ija. Kompyuta inailandira osadandaula. Koma pampu itayaka sinazimenso, madzi anasefukira m'mizere monse.

Vuto linali mu laibulale. Laibulale ndi malamulo amene munthu wina analemba kale kuti inu musavutike kuyambira pachiyambi pofuna kuwerenga sensa kapena kulemba pa sikirini. Wolembayo anali ndi bolodi yake patebulo, ndipo zambiri zokhudza bolodiyo sanazilembe poti kwa iye zinali zodziwikiratu.

Aliyense amene anagulapo katundu pamalire a Calómuè ndi Dedza amadziwa kuti wogulitsa akati "600" umafunsa kaye ngati akunena makwacha kapena metikali. N'chimodzimodzi ndi nambala za pa bolodi: sensa ya chinyezi, kachipangizo koyeza kunyowa kwa dothi, imatulutsa mphamvu ya magetsi, bolodi n'kuisandutsa nambala. Uno imagawa mavolti 5 kuyambira 0 mpaka 1023. ESP32 imagawa mavolti pafupifupi 3.3 kuyambira 0 mpaka 4095. Choncho dothi lonyowa lotulutsa mavolti 1.5 limawerengedwa pafupifupi 307 pa Uno, koma pa ESP32 limapitirira 1,800. Mu laibulale ya mnyamatayu munali lamulo loti nambala ikaposa 600, dothi lauma, pampu iyake. Pa bolodi yatsopanoyo ngakhale matope enieni ankaoneka ngati fumbi la mu Okutobala.

Cholakwika cha mtundu umenewu ndimachiopa kuposa chimene kompyuta imakana poyera. Laibulale ikatchula PORTB kapena avr/io.h, ESP32 imakaniratu, chifukwa amenewa ndi mayina okhudza zam'kati mwa ATmega328P, tchipi cha mu Uno. Pamenepo mwapeza pokonza: m'malo mwake mumalemba digitalWrite, lamulo loyatsa kapena kuzimitsa magetsi pamalo olumikizira waya, limene mabolodi onse awiri amalimva. Koma nambala yolakwika imadutsa mwakachetechete, n'kukaonekera kumunda.

Miyendo ya bolodi, malo olumikizira mawaya, nayo imasintha. Sikirini ya I2C (njira yotumizira uthenga pa mawaya awiri) imene pa Uno imalumikizidwa pa A4 ndi A5, pa ESP32 nthawi zambiri imapita pa 21 ndi 22. Sensa ya chinyezi muiike pa miyendo yoyeza magetsi ya gulu la ADC1, kuyambira 32 mpaka 39, chifukwa ya gulu la ADC2 imaleka kuwerenga Wi-Fi ikayaka, pamene Wi-Fi-yo ndi imene munagulira bolodiyo. Ndipo musalowetse mavolti 5 pa mwendo wa ESP32. Mukhoza kuupsereza, ndipo kuno bolodi ina sikuti mungaipeze pagolosale, mudikira kuti ichokere ku Tete kapena ku Lilongwe.

Palinso nkhani yosunga zinthu magetsi akazima. Uno ili ndi EEPROM yakeyake ya 1 KB, posungira pamene sipafufutika magetsi akazima. ESP32 ilibe, imangobwereka malo mu flash, mmene mumakhala pulogalamu, ndipo mukapanda kulemba EEPROM.begin poyamba ndi EEPROM.commit pomaliza, zonse zimene munasunga zimapita batire ikatha usiku. Kabokosi koyendera sola kamakumana ndi zimenezi kawirikawiri nyengo ya chiperoni.

Ine ndikalandira ntchito yotere sindithamangira kusintha mzere uliwonse. Ndimawerenga laibulale yonse ndi cholembera m'manja, n'kuchonga paliponse pamene ikukhudza chitsulo: nambala ya mwendo, mphamvu ya magetsi, nthawi, posungira. Zimenezo ndimazisonkhanitsa mu fayilo imodzi yaing'ono. Zotsala, monga lamulo loti dothi likauma thirira kwa mphindi zakuti, n'nzeru za mlimi, ndipo zimayenda pa bolodi iliyonse. Ndimakondanso kuti chinyezi chiziwerengedwa m'maperesenti, kuti mawa mukasamukira pa bolodi ina monga STM32 kapena Raspberry Pi Pico mudzangokonza fayilo imodzi ija. Ena amati kutero n'kutaya nthawi pa kantchito kakang'ono. Sindivomereza, chifukwa amene amalipira zikalakwika ndi mwini dimba, amene mbewu yake yaola.

Ndi mnyamata uja tinatenga ndowa ziwiri, ina ya dothi louma, ina ya dothi lothiridwa bwino, zonse zochokera m'dimba lomwelo. Tinaviika sensa muliponse n'kulemba nambala zimene ESP32 inatulutsa, ndipo malire atsopano tinawaika pakati pake. Pamalo pa pampu tinamangirira babu, lizingoyaka ndi kuzima pakhonde kwa masiku atatu dothi la m'ndowa likuuma. Tsiku lachinayi ndi pamene ananyamula kabokosiko panjinga kubwerera nako kudimba.