Wodwala bipolar si chidakwa wamba

Ena amati munthu wa matenda a bipolar (matenda a m'maganizo omwe munthu nthawi zina maganizo amakwera n'kusangalala mopyola muyezo, nthawi zina amatsika n'kukhumudwa kwambiri) ndi chidakwa basi, akangosiya mowa achira. Limeneli ndi bodza. Matendawa amagwira ngakhale amene sanalawepo mowa, ndipo kawirikawiri amayenda m'magazi pabanja.

Nanga odwala ena amamweranji? Maganizo akakwera, munthu sagona, amalankhula mosalekeza, amamwaza ndalama, kudziletsa kumathawa. Botolo limodzi limasanduka asanu. Maganizo akatsika, amamwa kuti aiwale chisoni kapena apeze tulo. Tsoka ilo, mowa umasokoneza tulo tomweto, ndipo kusagona kumadzutsanso matendawa. Kwa amene ali pa mankhwala a matendawa otchedwa lithium ndiye zoopsa: mowa umachepetsa madzi m'thupi, mankhwalawo n'kuchuluka m'magazi mpaka kusanduka poizoni.