Galimoto yankhondo imene mukuifuna mu gemu: ikalowa, ikagwira ntchito yanji?

Achinyamata amene amasewera War Thunder, gemu ya pa intaneti ya nkhondo za akasinja ndi ndege, kuno ku Zomba, kaya ku Matawale, ku Chinamwali kapena m'mahositelo a ku Chirunga, ali ndi pempho limodzi limene silitha: opanga gemuyi aikemo galimoto ndi ndege zimene ife kuno timazidziwa. Pempholi ndi lomveka. Mzinda uno ndi wa asilikali kuyambira kale. Cobbe Barracks ili pompano, chipilala cha King's African Rifles chili pompano, ndege za asilikali zimatera pompano. Mwana wokulira pamalo otere akamangoona akasinja a ku Germany, America ndi Russia, sangalephere kufunsa kuti athu ali kuti.

Koma mapempho ambiri amafera m'njira. Wopempha amayamba ndi mbiri ya galimotoyo, pomwe a Gaijin Entertainment, eni gemuyi, amayamba ndi mafunso ena: ikalowa m'bwalo, ingaboole chiyani, nanga iyoyo ingabooledwe ndi chiyani?

Tiyambe ndi Ferret, kagalimoto ka ku Britain ka matayala anayi kamene asilikali athu anakhala nako. Kamalemera matani pafupifupi 4, kali ndi injini ya Rolls-Royce B60, ndipo pamsewu wabwino kamafika makilomita 90 pa ola. Pa ntchito imene anakapangira, yozonda adani n'kubwerera msanga kukanena, kalibe chilema. Vuto ndi mfuti. Ferret wamba ali ndi mfuti yachiwaya imodzi ya mamilimita 7.62, ndipo chipolopolo chake, ngakhale cha mutu wolimba, chimaboola chitsulo cha mamilimita 10 kapena kuposerako pang'ono. Akasinja ambiri ofooka mu gemuyi, a zaka za m'ma 1930, ali ndi mamilimita 15 mpaka 30 kutsogolo. Ndiye kuti woyendetsa Ferret azingozungulira m'bwalo popanda woti n'kumugwetsa. Palinso china. Ferret amakwera anthu awiri, ndipo lamulo la gemuyi ndi lakuti galimoto ikatsala ndi munthu mmodzi, yafa. Chipolopolo chimodzi chikapeza dalaivala, masewera anu athera pomwepo.

Chodabwitsa n'chakuti galimoto yakale kuposa Ferret ili ndi mwayi woposa. Mu 1941, pamene asilikali a ku Nyasaland ankamenya nkhondo ndi Italy ku Somaliland ndi Abyssinia (Ethiopia ya lero), m'mabwalo omwewo munkayenda Marmon-Herrington Mk II, yopangidwa ku South Africa pa chasisi ya lole ya Ford. Zina mwa galimotozi zinali ndi mfuti ya Boys ya mamilimita 13.9, yoboola mamilimita oposa 20 ukawombera chapafupi. Imakokedwa ndi dzanja pa chipolopolo chilichonse ndipo magazini yake imalowa zisanu zokha, koma pa akasinja oyambirira ingathe kuluma. Limeneli ndi pempho loti munthu angaliteteze.

Casspir, galimoto ya ku South Africa yonyamula asilikali, imatchulidwanso kawirikawiri. Mimba yake anaipanga ngati chilembo cha V kuti bomba lokwirira likaphulika, mphamvu yake ithawire m'mbali, anthu 14 ali m'katimo n'kupulumuka. Ndi galimoto imene yasunga miyoyo yambiri mu Africa muno. Koma m'nkhondo za akasinja za gemuyi mulibe misewu yotcheredwa mabomba otero, mulibenso asilikali oyenda pansi oti muwanyamule. Chotsala ndi bokosi lalitali pafupifupi mamita atatu, looneka uli kutali, la chitsulo chongotchinga zipolopolo za mfuti zamanja. Luso lonse limene linapita pa Casspir gemuyi ilibe poliyezera.

Tsopano onani Eland 90, imene inalowa mu gemuyi mu March 2021 limodzi ndi Ratel, Rooikat ndi Olifant, pamene galimoto za ku South Africa anaziphatikiza ku mndandanda wa Britain. Eland ndi Panhard AML ya ku France yopangidwira ku South Africa, ndipo Malawi inagulako. Imalemera matani 6 okha, chitsulo chake sichipitirira mamilimita 12, moti mfuti yachiwaya ya mamilimita 12.7 imene imakhala pamwamba pa akasinja a ku America imaiboola. Chimene chinaipatsa malo ndi mzinga wa mamilimita 90 wowombera chipolopolo cha HEAT.

Chipolopolo chimenechi sichiboola ndi liwiro. M'kati mwake muli kopa wopindidwa ngati fanulo, kumbuyo kwake kuli wonga. Mphuno ikagunda chinthu, wongawo umaphulika n'kufinya kopayo kukhala kamtsinje kowonda kothamanga makilomita angapo pa sekondi, ndipo kamtsinjeko ndi kamene kamalowa m'chitsulo. Cha Eland chimaboola mamilimita pafupifupi 320, kaya mdani ali pa mamita 100 kapena pa 1,000. N'chifukwa chake mzinga wopepuka, wosakankha kwambiri pobwerera, unatheka kuikidwa pa kagalimoto kakang'ono chonchi.

Mtengo wake mumaulipira pa kulondola. Chipolopolocho chimachoka pa liwiro la mamita pafupifupi 750 pa sekondi, ndipo kuti chifike pa mamita 1,000 chimatenga nthawi yoposa sekondi imodzi ndi gawo limodzi mwa atatu. Kasinja woyenda makilomita 36 pa ola amakhala atasuntha mamita oposa 13, kutalika kwake kuwirikiza kawiri. Mukaloza pomwe ali, mwaphonya. Mpanda wa matabwa kapena mtengo zikakhala pakati, chimaphulikira pomwepo osafika. Mzingawo ulibenso stabilizer, chida chougwira kuti usagwedezeke galimoto ikuyenda, choncho muyenera kuima, kudikira kuti masipuling'i akhazikike, kenako n'kuwombera. Osewera atsopano ambiri amafera pa kamphindi kameneka.

Apa mpamene pamalowa nambala ya battle rating. Galimoto iliyonse ili ndi nambala yake, ndipo imakumana ndi zimene zili m'kati mwa 1.0 pamwamba kapena pansi pake. Eland anaiika molingana ndi mzinga wake, osati khungu lake, moti imakumana ndi akasinja olemera kuiposa kasanu kapena kupitirira. Wopempha galimoto yatsopano ayenera kunena yekha nambala imene akuganiza, ndi kutchula adani atatu kapena anayi a pamenepo, kusonyeza kuti angathe kuboolana. Ikakhala yoti pansi ikapha aliyense, pamwamba siingaboole aliyense, opanga gemu amaisiya.

Fox ndiye ya ife kwambiri. Kunja kwa Britain, mayiko amene anagula galimoto imeneyi ndi Malawi ndi Nigeria. Inayamba ntchito mu 1973, ili ndi injini ya Jaguar ya malita 4.2, imapitirira makilomita 100 pa ola, ndipo mu gemu ilimo kale. Mzinga wake wa RARDEN wa mamilimita 30 uli ndi khalidwe lakelake: zipolopolo zimalowa zitatuzitatu ndi dzanja, ndipo umasunga zisanu ndi chimodzi zokha nthawi imodzi. Suli wopopera ngati mizinga ina ing'onoing'ono. Umafuna munthu woloza m'nthiti mwa kasinja, pomwe pali zipolopolo zake kapena anthu. Fox inalinso ndi mbiri yogubuduzika pokhota mothamanga chifukwa turret yake, kanyumba kozungulira kokhala ndi mzinga pamwamba pa galimoto, inali yolemera pa thupi lalifupi. Wopempha woona mtima amalemba ndi zofooka zotere zomwe, chifukwa n'zimene zimachititsa galimoto kukhala yakeyake, osati chithunzi chatsopano pa makina akale.

Gawo limene limagwetsa anthu ambiri ndi la zikalata. Opanga gemu samanga galimoto kuchokera pa chithunzi chimodzi. Amafuna kukhuthala kwa chitsulo mbali iliyonse ndi kupendekeka kwake, malo amene munthu aliyense amakhala, pomwe pali thanki ya mafuta ndi zipolopolo, magiya ndi liwiro la giya iliyonse, madigiri amene mzinga umakwera ndi kutsika, ndi masekondi amene turret imatenga kuti izungulire. Kupendekeka kokha kumasintha zonse. Kasinja wa ku Russia wa T-34 ali ndi mamilimita 45 kutsogolo, koma chitsulocho chinagonekedwa madigiri 60, ndipo chipolopolo chobwera molunjika chimayenda mamilimita 90 m'kati mwake. Mukalemba 45 osatchula madigiri, mwapereka theka la nkhani. Mukalemba 90 ngati kukhuthala, mwanama. Chikalata cholemera kwambiri ndi buku la wopanga kapena la asilikali limene boma linalimasula. Popanda limenelo, pezani mabuku awiri osakoperana. Wikipedia payokha siilandiridwa.

Mawu akuti "limene boma linalimasula" musawadumphe. Mu July 2021 wosewera wina anaika pa intaneti masamba a buku la kasinja wa ku Britain wa Challenger 2 pofuna kutsimikiza kuti chitsulo chozungulira mzinga wake anachijambula molakwa. Unduna wa zachitetezo ku Britain unati bukulo linali lidakali lachinsinsi. Mu October chaka chomwecho zinachitikanso ndi Leclerc ya ku France, pa mkangano wa liwiro la turret. Masambawo anachotsedwa, ndipo a Gaijin amanena poyera kuti sagwiritsa ntchito zikalata zotere. Kuno kwathu nkhaniyi ili pafupi kuposa momwe tingaganizire, popeza ambiri tili ndi malume kapena achimwene ku kampu. Musawapemphe buku la galimoto, ndipo musajambule pa geti la Cobbe Barracks kapena pa mpanda wa bwalo la ndege. Dziko lino lili ndi Official Secrets Act ndi Protected Places and Areas Act, ndipo mungaike ntchito ya mbale wanu pa moto chifukwa cha gemu. Khomo lololedwa lili mumzinda momwe muno: National Archives of Malawi, kumene kumasungidwa zikalata za boma la Nyasaland, ndi laibulale ya University of Malawi.

Ku ndege ntchito imakula. Pamafunika mphamvu ya injini pa utali wosiyanasiyana, kulemera ndege ili yopanda mafuta ndiponso ili yodzaza, kukula kwa mapiko, liwiro limene imasiya kuyandama, ndi mphamvu imene mapiko angapirire isanathyoke. Impala Mk II ya ku South Africa, yopangidwa ndi Atlas kuchokera ku Aermacchi MB-326 ya ku Italy, ndi pempho labwino: munthu mmodzi, mizinga iwiri ya mamilimita 30, malo asanu ndi limodzi opachikapo mabomba ndi maroketi, ndi mbiri yogwetsa mahelikopita a Mi-17 ndi Mi-25 ku Angola mu 1985. Koma siifika liwiro la mawu ndipo ilibe radar. Mukaiika potengera zaka zake, ikakumana ndi jeti ya MiG-21 yothamanga kuiposa kawiri. Malo ake ndi pakati pa majeti a zaka za m'ma 1950, ndipo wopempha anene zimenezo yekha.

Helikopita ya Alouette III yonyamula mzinga wa mamilimita 20, imene inkauluka ku Zimbabwe (nthawiyo Rhodesia) zaka za m'ma 1970, ili ndi vuto lina. Mzinga wake unkaloza pa chitseko cha kumanzere, ndipo woyendetsa ankazungulira mdani kuti wowombera amuone. Kuwombera kotere kumasiyana kwambiri ndi kuloza ndi mphuno ya ndege.

Palinso ping, nthawi imene uthenga umatenga kupita ku seva (kompyuta yoyendetsa gemu) ndi kubwerera, imene osewera a ku Ulaya saiganizira. Uthenga wochoka ku Zomba umadutsa m'mawaya a pansi pa nyanja mtunda woposa makilomita 10,000 kuti ufike ku seva ya ku Ulaya. Kuwala m'waya wa fibre kumayenda makilomita 200,000 pa sekondi, choncho kupita ndi kubwerera sikungachepere ma millisecond 100, ndipo mukawonjezera netiweki ya pafoni, kufika 200 si chachilendo. Jeti youluka makilomita 1,000 pa ola imasuntha mamita 55 pa ma millisecond 200 amenewo. Eland yoyenda makilomita 40 pa ola imasuntha mamita awiri. Ine ndimaona kuti wosewera wa kuno amapindula kwambiri popempha galimoto za matayala ndi ndege zoyenda pang'onopang'ono kusiyana ndi kulimbana ndi majeti a masiku ano, amene sangawasewere mofanana ndi anzake a ku Frankfurt.

Pempho limene lili pafupi kwambiri kutheka silifuna n'komwe galimoto yatsopano. Fox ndi Eland zilimo kale, chotsala ndi utoto ndi zizindikiro za asilikali a Malawi. Opanga gemu safunika kuyeza chitsulo kapena kusintha battle rating, amangofuna umboni wa maonekedwe. Sonkhanitsani zithunzi zimene zinasindikizidwa kale poyera, monga za perete wa pa 6 July m'manyuzipepala akale, zosonyeza kutsogolo, kumbuyo ndi mbali zonse ziwiri. Pa chithunzi chilichonse lembani chaka, malo ndi kumene chinasindikizidwa. Sonyezani pamene pali nambala ya galimoto ndi chizindikiro cha gulu, ndipo kukula kwa chizindikirocho kuyezeni pochiyerekeza ndi tayala, chifukwa kukula kwa tayala kumadziwika. Pa utoto musadalire chithunzi chimodzi: pepala lakale limafiira, ndipo wobiriwira wojambulidwa dzuwa lili pamutu amaoneka ngati wotuwa. Pezani zithunzi ziwiri za masiku osiyana, ndipo ngati pa chimodzi pakuoneka mbendera ya dziko, yambani ndi chimenecho, chifukwa wojambula wa gemu adzakonza mitundu ina yonse poyang'ana wakuda, wofiira ndi wobiriwira amene akuwadziwa kale.