Present perfect si yachilendo kwa Mchewa

Ophunzira amene ndimawakonzekeretsa mayeso a Chingelezi a O Level a ZIMSEC (bungwe la mayeso la ku Zimbabwe) ku Mbare ndi ku Highfield, mumzinda wa Harare, amagwa ulesi akangomva za present perfect, imodzi mwa nthawi za mneni m'Chingelezi. Zimandiwawa, chifukwa amene amayankhula Chichewa kunyumba ali nayo kale pakamwa. Mlendo akakana nsima amati "ndadya", kusonyeza kuti m'mimba mudakali modzadza. Akati "ndinadya dzulo", njala ikhoza kukhala itamugwiranso. Choyambacho ndi "I have eaten", chachiwiricho "I ate yesterday". Present perfect imanena zimene zachitika koma zotsatira zake tikadali nazo.

Kapangidwe kake n'kosavuta: "have" kapena "has", kenako mtundu wachitatu wa mneni, monga "gone", "seen", "written". Mitundu imeneyi ndi yongoloweza basi.

Povuta ndi pamene zinenero ziwirizi zimasiyana njira. Ife timati "ndafika 6 koloko m'mawa", ndipo palibe cholakwika. Chingelezi chimakana. Mukangotchula nthawi imene yatha kale, kaya ola, kaya "yesterday", kaya "in 2019", "have" achoke. Nenani "I arrived at six", osati "I have arrived at six". Cholakwa ichi ndimachipeza kwambiri m'makalata ofunsira ntchito, mwachitsanzo "I have finished Form Four in 2019". Wolemba ntchito amachiona msanga, ngakhale mwanayo ali wanzeru. Lembani "I finished Form Four in 2019", kapena chotsani chakacho n'kusiya "I have finished Form Four".

Kwina zimatembenuka. Pofunsa ngati munthu anaonapo malo, ife timati "munapitako ku Victoria Falls?" Apa Chingelezi chimafuna present perfect: "Have you ever been to Victoria Falls?", chifukwa funsoli likukhudza moyo wonse wa munthuyo mpaka lero. Samalaninso ndi "gone" ndi "been". Amayi akakwera basi pa siteshoni ya Roadport ku Harare, kudutsa pa Nyamapanda ndi ku Tete kupita kumudzi, wobwera kudzawafuna mumuuze kuti "She has gone to Blantyre": apita, kulibe. Mukati "She has been to Blantyre", ndiye kuti anapitako n'kubwerera, mwina ali kukhitchini. Nawonso "sanabwere" wathu, pamene tikumudikirabe munthuyo, ndi "he hasn't come yet".

Pamene ndimalimbikira kwambiri ndi pa "since" ndi "for". M'makombi (maminibasi) ndi pa msika wa Mbare Musika mudzamva "I am staying in Mufakose since 2015", motsatira "ndikukhala ku Mufakose kuyambira 2015". Anthu amamvana ndithu, ndipo sindinyoza woyankhula choncho, koma wochonga mayeso adzadula malikisi. Chimene chinayamba kale n'kupitirira mpaka pano chimafuna "I have lived in Mufakose since 2015". "Since" amatsatidwa ndi poyambira, "for" ndi kutalika kwa nthawi: "for ten years". Mukati "I lived in Mufakose for ten years", womvera aganiza kuti munasamukako.

Madzulo ano lembani ziganizo zitatu za zimene mwachita lero popanda kutchula ola, ndi zina zitatu za dzulo. Zoyambazo zikhale ndi "have", zinazo ayi. Kenako muziwerenge mokweza kwa mnzanu, iye azikufunsani "When?" pa chilichonse cha lero, inu muziyankha popanda "have".